Fumbi la Pabwalo la Amama

Makandanyama,
Kabwe.

Okondedwa asisi anga, amake Nelly,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu a Zacheus, komanso kakhanda kathu kamene tikungokaonera pa chithunzi. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Mkaka ukutuluka bwino? Kuno tilipo. Amama mawondo akuwapwetekabe, makamaka m'mawa, koma akuyenda. Ine thupi lili bwino. Za Nelly ndi zimene zandilembetsa kalatayi, ndipo chonde musalumphire kumapeto, muwerenge zonse.

Kalatayi ndapatsira bana Musonda, mayi aja amabwera ku Lilongwe kudzaoda katundu, ndipo ndawauza kuti akupatseni m'manja mwanu. Pa foni sindingathe. Mumayankha monong'ona, "eya, eya, ndamva," ine n'kudziwiratu kuti alamu ali pafupi.

Asisi, ndiyambe ndi funso. Kodi analamula ndani kuti bwalo la mkazi waukhondo lizikhala la dothi lokhalokha, lambee, lopanda ngakhale kaudzu kamodzi? Ndafunsa anthu ambiri. Amama akuti ndi mmene anawaphunzitsira amayi awo. Ena akuti udzu umabisa njoka. Njoka iti, mu Makandanyama muno momwe nyumba zapanikizana mpaka nkhuku ikusowa popalasa? Koma m'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, mumamva tsache pa nyumba iliyonse, shwaa, shwaa, mkazi atawerama, dzanja limodzi kumsana, ndipo fumbi limakwera n'kukhala pamwamba pa komboni yonse ngati utsi. Ana amadzuka n'kulowa m'fumbi lomwelo.

Inu mukudziwa, chifukwa ndinu munandiphunzitsa kugwira tsache. Mukukumbukira Amama akutibweza kuti tikasesenso poti mizere ya tsache sinakhote mofanana? Kwa iwo kusesa ndi pemphero. Amasesa akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo akamaliza amaima pakhonde n'kumaliyang'ana bwalo lawo ngati munthu amene wangomaliza kucheza ndi Mulungu.

Ine ndinapita kuyunivesite kukaphunzira za umoyo ndi chilengedwe, ndipo kumeneko ndinadziwa chimene chili m'fumbi limenelo. Ndi mtovu, ija ledi imene aliyense kuno amaitchula moseka. Munthu akaiwala makiyi amati ndi ledi. Mwana akalephera mayeso amati ndi ledi, anthu n'kuseka. Mgodi umene agogo aamuna anauyendera wapansi kuchokera ku Ntcheu unatsekedwa ine ndisanabadwe, koma chiphiri chakuda cha zotsalira zake chilipobe, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imachigawa nyumba ndi nyumba, mosakondera. Zimenezi ndinazilemba pa mayeso ndipo ndinakhoza bwino. Nditangomaliza sukulu ndinkaona ngati ndine amene ndidzasinthe tauni ino. Ndinayenda m'maofesi, ndinayankhula zoti chiphiricho chikwiriridwe, komboni yonse isamutsidwe. Ankandipatsa mpando, n'kundiyamikira kuti ndine mtsikana wanzeru, n'kundiperekeza pakhomo. Nthawi yonseyo ndinkayang'ana kutali. Sindinaganize kuti ndidzaziona pa nkhope ya mwana wanu.

Zinayamba ndi m'mimba. Nelly ankalira kuti mukupota, kuchimbudzi osapita, chakudya osafuna. Amama ankati ndi njoka za m'mimba, tinamumwetsa mankhwala ake, osasintha. Kenako anayamba ukali. Mwana uja munamusiya akusekerera aliyense anayamba kuluma anzake ndi kudzigwetsa pansi popanda chifukwa. Chimene chinandiopsa ndi nyimbo. Mukukumbukira kanyimbo ka ku Sande sukulu kamene ankakuimbirani pa foni mpaka mayunitsi kutha? Tsiku lina ndinamuyambira kuti andilandire. Anangondiyang'ana. Ndinayambanso. Anatsegula pakamwa, n'kutseka. Sikuti ankakana, asisi. Nyimboyo inali itachokamo m'mutu.

Ndinamubereka n'kupita naye ku kiliniki kumene amayeza magazi a ana. Anamubaya chala, n'kuika dontho mu kamakina. Namwino anayang'ana kamakinako, n'kundiyang'ana ine, n'kuyezanso. Anati mtovu wachuluka kupitirira pamene kamakinako kamalekezera kuwerenga. Anatipatsa makapisozi onunkha ngati dzira lovunda, oti ndizimuthirira m'phala. Koma anandiuza mosabisa kuti mankhwalawo amatsuka magazi okha, satsuka bwalo. Mwana akabwerera kukasewera pa dothi lomwelo magazi amadzazanso, ndipo zimene mtovu waononga m'mutu sizibwerera. Anati njira ndi ziwiri: kumuchotsa mwanayo pamalopo, kapena kulikwirira dothilo ndi kapinga.

Ndi tsiku lija ndinakuimbirani. Munati alamu sanakonzeke, nyumba ndi yaing'ono, khanda likadali lofiira, tidikire mwina Disembala. Ndinamva. Ndikudziwa kuti munalowa m'banja limenelo mutagwirizana kuti Nelly atsala ndi Amama, ndipo zoti mwamuna alere mwana wa mwamuna mnzake si nkhani yomuuza akudya. Ndinati basi, ndichita njira yachiwiriyo.

Ndinabwereka wilibala n'kupita ku Railways, ku nyumba ija tinkakhala Atate adakali pa ntchito ya njanji. Anthu amene akukhalamo tsopano sakutidziwa, koma atamva nkhani yanga anandilola kukumba kapinga kuseri, pafupi ndi mtengo wa mango uja munagwamo. Ndinayenda maulendo ambirimbiri pa dzuwa, anyamata oitanira minibasi akundikuwa kuti ba galajuweti apeza ntchito ya m'dimba. Ndinadzala bwalo lonse, kuyambira pakhonde mpaka ku mpanda. Mavuto a madzi mukuwadziwa, pa mpopi amatuluka akafuna. Ndinkasunga otsukira mbale, osambira ndi ochapira omwe, n'kumathirira madzulo.

Amama sanandiletse. Ankangodutsa m'mbali, chitenje atachikwinya ngati akuwoloka matope. Anzawo akabwera ankawauza kuti digiri ya Keziah yayamba kumera. M'mawa ankatenga tsache, n'kupeza posesa palibe, n'kukasesa kunja kwa mpanda, pamsewu. Koma kapinga anagwira, asisi. Anayamba kutambalala ndi kubiriwira, ndipo Nelly ankakhala pamenepo ndi zidole zake. Tsiku lina anamaliza phala lonse n'kupempha lina. Chimalizireni sukulu, ndi pamene ndinaona kuti maphunziro anga agwira ntchito penapake.

Nthawi yomweyo ndinaitanidwa ku Solwezi. Kampani ina ya kumigodi inkafuna munthu woyeza madzi. Inu mukudziwa mmene ndasakira ntchito, mmene ndakhalira m'kabuthi ka eni ake kotumizira ndalama pa foni, malata akundiwotcha, anzanga a m'kalasi akudutsa pa galimoto n'kundiimikira dzanja. Ndinapita kukayesedwa, ndinakhalako masiku ochepa chabe. Ndisananyamuke ndinawapempha Amama kuti azithirira. Anati amva.

Sabata imeneyo mapemphero a m'dera lathu anali oti achitikire kwathu. Amayi a Lachinayi, aja a mabulauzi oyera, anakumbukira kuti Amama mawondo akuwavuta, ndipo anagwirizana kuti adzawathandize kukonza pakhomo. Anabwera ndi makasu ndi matsache. Atalowa pa geti anagwira pakamwa. Anati mayi wathu wavutika chonchi ife tilipo, bwalo mpaka kumera tchire? Anapala kapinga yense, akuimba. Anamuunjika kuseri n'kumutentha. Anasesa, n'kusesanso, mpaka bwalo linawala ngati mbale.

Amama anali pomwepo. Mnansi wathu anandiuza pambuyo pake kuti anayesa kunena kuti ndi za Keziah, koma wina anati ana a masiku ano ulesi amaubisa m'Chingerezi, onse n'kuseka, Amama n'kusekanso nawo. Akanatani? Akanawauza azimayi anzawo, amene asiya ntchito zawo chifukwa cha chikondi, kuti tchirelo ndi ladala?

Ndinafika masana a tsiku la mapemphero lomwelo. Ndinapeza Nelly ali pakati pa bwalo loyeralo, akuphika masanje m'chitini, milomo ili mbuu ndi dothi.

Ndinamusambitsa. Anthu anasonkhana, anayala mphasa, anaimba, anavina, fumbi lili koboo. Kenako mkulu wa mpingo anati mwana wodwalayo abwere pakati amusanjike manja. Anamukhazika pansi, asisi. Pa dothi. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinaimirira pemphero lili m'kati n'kunena kuti, "Mukumupempherera chiyani mwana amene mukumudyetsa poizoni ndi matsache anu?"

Ndinanena zambiri. Ndinafotokoza za mgodi, za mphepo, za magazi, za ubongo wa mwana, mokweza, theka m'Chingerezi. Ndinati Mulungu sangatsike kudzathirira bwalo. Mkulu uja anatseka ndi pemphero lalifupi, aliyense n'kupinda mphasa yake. Tiyi amene Amama anakonza anazizira m'ketulo.

Anthu atapita, Amama anakhala pa mpando wa Atate, manja ali pa mawondo. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandifunsa motsitsa:

"Ndiye ukuti ine, amene ndadzuka m'mawa uliwonse kuti ana anga asakhale pauve, ndine ndakhala ndikuwapha?"

Kunena kuti ayi kukanakhala kunama, kunena kuti inde sindikanatha. Iwo anamva okha. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiyankhula. Akafuna mchere amatuma Nelly kuti akauze amayi ake aang'ono. Ndipo akusesa kuposa kale, m'mawa ndi madzulo omwe. Ndazindikira mochedwa kuti sangasiye. Akasiya ndiye kuti avomera, ndipo chimene ndikuwapempha kuti avomere palibe mayi amene angachisenze.

Lamulungu lotsatira ndinapita kutchalitchi chifukwa cha Nelly. Palibe anandinena. Anangondisiyira benchi yonse, ine ndi mwana, ngati tili ndi chifuwa chachikulu. Titabwerera ku kiliniki, namwino uja anayeza n'kupukusa mutu. Magazi amene anayamba kuyera adzazanso. Anandifunsa ngati ndinamva zimene anandiuza za bwalo. Ndinati ndinamva.

Asisi, ndinasiya kupemphera. Ndinkangokhala n'kumaiganizira tauni ino. Mabogi a sitima achita dzimbiri pa njanji, udzu wamera m'kati mwake, ndipo umenewo palibe amaupala. Aliyense amene anali ndi kothawira anachoka, inunso munachoka. Otsalafe chilichonse timati Mulungu adziwa. Madzi akasowa, Mulungu adziwa. Mwana akasiya kuyankhula, Mulungu adziwa. Mawu amenewo ndinafika podana nawo. Ngati adziwa, nanga akudikira chiyani? Agogo anabwera kuno kudzafuna moyo, n'kukumba chinthu chimene lero chikudya chidzukulu chawo, ndipo ife sabata iliyonse timavala bwino kukathokoza.

Ndili m'maganizo amenewo, a ku Solwezi anaimba. Ntchito ndaipeza, ndiyambe Lolemba likubwerali. Kogona ndi chipinda chogawana ndi akazi ena, ana saloledwa. Ndinathokoza mwaulemu, ndinadula foni, n'kukhala m'kabuthi muja osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Ndikapita, adzamuthirira ndani mankhwala m'phala? Amama amati ndi onunkha, akungomusanzitsa mwana.

Tsiku lomwelo ku kabuthi kuja kunabwera bana Gershom. Mukuwakumbukira, mayi aja a nyumba ya pakona imene inali ndi golosale, amene Amama ankatiletsa kulandira switi kwa iwo. Mwana wawo Gershom ndi wamkulu kuposa inu, ali ndi ndevu, koma nzeru zake ndi za kamwana, amakhala pakhonde kundandalika zitsekerero za mabotolo. Golosale itayamba kuyenda bwino, anthu anati bambo ake anamukhwimira, anatenga nzeru za mwana kuti malonda ayende, mayi ake akudziwa. Bamboyo anamwalira, golosale inatsekedwa, koma mbiriyo sinafe. Kutchalitchi amakhala kumbuyo. Pa maliro ndi amene amatunga madzi ndi kutsuka mapoto, koma kuphika sawalola. Ndipo ndinali nditamva kuti pa kapinga wanga, khasu lawo ndi limene linagwira ntchito kwambiri.

Ndinaganiza kuti abwera kudzandidzudzula za mwano wanga. Anaima pambali pa windo, ndalama osatumiza, kuchoka osachoka. Makasitomala atatha anayandikira, n'kunena m'Chinyanja chawo cha m'tauni:

"Iwe Keziah, niuzeko zoona, osaninamiza. Ija ledi wenze kukambapo, ingamuchite mwana monga Gershom wanga?"

Ndinawafunsa kumene ankakhala Gershom ali khanda. Anati kufupi ndi chiphiri chakuda, mgodi usanatsekedwe, m'mbali mwa ngalande imene inkachokera kumeneko. Anati mwanayo anabadwa bwinobwino, anayamba kuitana makolo ake kuti mayo ndi tata, ankakonda kudya dothi monga ana onse. Kenako m'mimba, kenako ukali, kenako tsiku lina anakomoka thupi lonse likunjenjemera, ndipo atatsitsimuka mawu anali atapita. Golosale anatsegula patapita zaka.

Ndinawauza kuti sindingalumbire, poti palibe anamuyeza magazi nthawi imeneyo. Koma ndinati zonse zimene anenazo ndi mmene mtovu umachitira, ndipo ndikanakhala wa kuchipatala ndikanayamba kuganizira zimenezo.

Asisi, mawu omwewo amene anawathyola Amama, mayi uyu anawamwa ngati madzi. Anakhala pa mwala pafupi ndi kabuthi, anavula nsapato, misozi ikungoyenda koma nkhope ikuseka. Anati zaka zonsezi akhala akumufunsa Mulungu kuti analakwa ndani. Anati nthawi zina ankamuyang'ana mwamuna wawo akudya n'kumaganiza kuti mwina anthu akunena zoona, ndipo bamboyo anamwalira asanamufunse, asanamukhululukire chinthu choti mwina sanachite n'komwe. Ndinawafunsa ngati sakumukwiyira Mulungu poti wayankha mochedwa chonchi. Anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Nenze kuyembekeza mngelo, mwandi," anatero. "Manje Mulungu anitumila kamtsikana kamwano. Nizachita bwanji? Nalandila."

Ndinaseka, ine amene ndinali nditaiwala kuseka. Sindikunamizani kuti ndinabwerera kwa Mulungu pomwepo. Gershom sachira. Nyimbo ya Nelly mwina sidzabwerera. Koma ndinaona ndi maso anga munthu akutula katundu amene anamusenza ine ndisanabadwe, ndipo chimene chinamutula ndi mawu anga aukali aja, amene ndinkati angoononga basi. Ngati Mulungu angatole chinthu chonyansa ngati chimenecho n'kuchigwiritsa ntchito, ndiye kuti mwina sanasamuke mu Kabwe muno monga anachitira ena onse. Pogwira panga ndi pokhapo, ndipo ndi pang'ono.

Anandikokera kunyumba kwawo. Chibadwire sindinalowepo pa geti imeneyo. Bwalo lonse ndi la simenti, kumaso ndi kuseri komwe. Bambo aja anawaka kuti aziunjikapo makileti a zakumwa. Palibe dothi ngakhale la m'chikhatho, ndipo iwo sasesa, amakolopa. Gershom anandipatsa chitsekerero chimodzi chofiira n'kubwerera pa mzere wake. Mayi ake anati chipinda chimene chinali golosale chikungokhala. Anati ndibwere naye mwana, azisewera pamenepo mpaka mvula igwe, tidzadzalenso kapinga kwa Amama, ndipo khasu limene linapala ndi lomwe lidzakumbe. Anati chiwakireni simentiyo sipanasewerepo mwana wa munthu wina aliyense.

Ndinafika kunyumba n'kugwada pafupi ndi Amama, ndinawafotokozera zonse. Ndi pamene anandiyankhula koyamba. Anati mdzukulu wawo sangakagone m'nyumba imeneyo iwo ali moyo. Ndinati kodi si mayi yemwe mumadya naye mgonero? Anati za kutchalitchi ndi zina, za mwana ndi zina. Anati anthu adzati chiyani, kuti agogo ake alephera kulera mpaka mwana wakaleredwa kwa okhwima? Pomaliza anati mwanayo si wanga, mwini wake alipo, ndipo iwo adzamva za mwini wake yekha.

Ndiye ndagwada kwa inu, asisi. Ngati mungathe, bwerani mudzamutenge. Auzeni alamu kuti si nkhani ya chakudya kapena ya sukulu, ndi mutu wa mwana, ndipo Disembala ndi kutali. Ngati simungathe sindikuweruzani, ngakhale kuti masiku ena ndimakukwiyirani, ndisaname. Koma chitani chimodzi chokha. Pitani poti alamu sakumva, muwaimbire Amama, munene ndi pakamwa panu kuti inu amake mwalola kuti Nelly akhale kwa bana Gershom. Muwauzenso kuti simukuwaimba mlandu, kuti anatilera bwino, kuti sankadziwa. Kwa ine zimenezo sangazimve. Kwa inu mwina.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa apongozi anu. Kakhandako mukapsompsone m'malo mwanga, ndipo tsiku limene mudzabwere nako kuno musadzakakhazike pansi. Mukapita ku Ntcheu mukapereke moni kwa azakhali, koma izi musawauze.

Kuti musamve kwa anthu ena, ndikuuzeni zimene ndachita. Ndinadziwa kuti ndikamusiya Nelly kwa bana Gershom ine n'kukwera basi, Amama akamutenga dzuwa lisanalowe. Ndinaimbira a ku Solwezi kupempha kuti andidikire mpaka mvula. Anati odikira ndi ambiri. Ndinati ntchitoyo apatseni iwowo. Ndinalira, ndipo ndikulirabe, musaganize kuti ndine woyera mtima.

Kenako dzulo masana, anthu onse akuona, ndinaika zovala za Nelly ndi mankhwala ake mu ndowa, ndinamubereka n'kutuluka. Amama anaima pakhomo. Ndili pa geti anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundiponyera, chinagwera pansi. Anati, osandiyang'ana, "Sagona popanda chimenecho." Ndinachitola, ndinawoloka msewu, ndipo nditafika kwa bana Gershom ndinachichapa kaye ndisanamufunditse.

Mulungu amene bana Gershom akuti amayankha akusungeni, inu ndi a m'nyumba mwanu. Foni ya Amama imakhala yoyatsa m'mawa.

Ndine mng'ono wanu,
Keziah